Misuku, Livingstonia, Viphya kapena Nyika: kusankha kopita m'mapiri a khofi kumpoto

Khofi wa Mzuzu amene mumamuona m'mashopu salimidwa mumzinda wa Mzuzu. Kumeneko amangokamusenda, kumusankha ndi kumukazinga. Minda yake ili kutali: m'mapiri a Misuku ku Chitipa, m'mapiri a Phoka ku Rumphi, pa Viphya, m'zitunda za Nkhata Bay ndi mbali ina ya Mzimba, komwe alimi ang'onoang'ono amagulitsa kudzera m'makopaletivi a Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofi wa mtundu wa Arabica amafuna malo ozizira, okwera kuposa mamita 1,000, ndiye musadabwe kuti kumene khofi ali wochuluka n'kumenenso msewu uli wovuta. Ulendo wonse wagona pamenepa: mukafuna kufika pafupi ndi munda, galimoto ndi thumba lanu ndi zimene zimalipira.

Muyeso wake

Posankha kopita, choyamba ndi mwezi, chifukwa munda wa khofi suoneka chimodzimodzi chaka chonse. Kuthyola kumachitika m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo malo okwera kwambiri amachedwerapo kupsa. Nthawi imeneyi ndi imene mungaone ntchito yonse: zipatso zofiira, zimene alimi amati cheri, zimathyoledwa chimodzichimodzi n'kupita kumakina ochotsa makoko tsiku lomwelo. Kumeneko amaziviika m'madzi kuti zopepuka ziyandame, amazisenda, amazisiya m'thanki kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nanda yoterera ija ichoke, kenako amazitsuka n'kuziyanika pamathandala kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Makilogalamu 5 kapena 6 a cheri ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wouma wosakazinga. Mukapita mu Febuluwale, zonsezi mudzangozimva pakamwa. Chimene mudzaone ndi mitengo yobiriwira ndi zipatso zaziwisi. Maluwa oyera onunkhira aja amatuluka mvula yoyamba ikangogwa ndipo sakhalitsa, masiku ochepa basi athothoka, choncho si chinthu chochikonzera ulendo kuchokera kutali.

Chachiwiri ndi galimoto imene muli nayo, kapena ngati mulibe n'komwe. Chachitatu ndi ndalama. Sitilemba mitengo ya makwacha pano, pakuti chichokereni pamene ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero umakhala wabodza pakatha miyezi itatu. Tingonena kumene ndalamazo zimathera. Chachinayi ndi chimene mukufuna kwenikweni: khofi weniweniyo, mbiri yakale, nyama, kapena kungopuma pamalo ozizira.

Mzuzu ndi Viphya

Apa ndi pakhomo. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 360 pamsewu wa M1, ndipo musanafike mumzinda mumadutsa pa Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inabzalidwa kuyambira m'ma 1960 poyembekezera fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. Mbali yaikulu inadulidwa kapena kupsa, moti amene anadutsako kale kwambiri akhoza kumva chisoni, koma mapiri a miyala monga Elephant Rock akadali pomwepo. Kum'mwera kwa Viphya kuli damu la Luwawa ndi malo ogona a Luwawa Forest Lodge, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa tara.

Mtengo. Ndi wotsika kuposa kwina konse. Mabasi akuluakulu ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre amafika tsiku lililonse, ndipo malo ogona alipo a thumba lililonse.

Kafikidwe. Chaka chonse, pagalimoto iliyonse. Kamsewu ka ku Luwawa kokha n'kamene kamaterera mvula ikagwa. Mumzinda muli Mzuzu Coffee Den, komwe mungamwe ndi kugula khofi wokazingidwa kale. Pogula, sankhani wosagaya ngati muli ndi chogayira kunyumba, chifukwa wogaya amataya fungo msanga paketi ikangotsekulidwa.

Zokonzeratu. Zochepa. Koma ngati mukupitirira kumpoto, pano ndi pothirira mafuta, kutapa ndalama kubanki, kugula batire la tochi ndi kuonetsa mabuleki kwa makaniko.

Zoopsa. Nkhungu ya pa Chikangawa, makamaka m'mawa ndi madzulo m'miyezi yozizira, imatseka msewu mpaka osaona mamita 20 kutsogolo, pamene malole a matabwa akuyenda pang'onopang'ono kapena aima pakona. Kuyambira Seputembala kumakhalanso utsi wa moto wolusa. Ndipo tinene chilungamo: amene akufuna kuponda m'munda wa khofi, Mzuzu yekha sangamukhutitse.

Livingstonia ndi mapiri a Phoka

Pa malo onse anayi, awa ndi amene ali ndi zambiri pamalo amodzi, ndiye tikhalitsapo.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881 pothawa malungo, kenako mtsogoleri wake, Dr Robert Laws, anaikweza paphiri la Khondowe mu 1894, pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja ya Malawi. Nyumba yake ya miyala, Stone House, ya mu 1903, lero muli zinthu zakale zoonetsa alendo. Pali tchalitchi chokhala ndi zenera la magalasi amitundumitundu loonetsa David Livingstone, chipatala cha David Gordon Memorial, ndi yunivesite ya Livingstonia imene inatsekulidwa mu 2003. Musachoke musanaone miyala imene inayalidwa pakapinga mu 1959, nthawi ya chipwirikiti, pamene boma la atsamunda linkafuna kusamutsa azungu a pamishoni ndipo linawaponyera uthenga ndi ndege. Iwo anayankha polemba ndi miyalayo vesi la Aefeso 2:14 kuti woyendetsa ndege awerenge ali m'mwamba, kutanthauza kuti sachoka.

Kunja pang'ono kwa mishoni kuli mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, ndi phanga kuseri kwa madzi momwe anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Phiri la Chombe ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo pamwamba pake nyanja imaoneka mpaka tsidya la Tanzania kukakhala kopanda chifunga. Khofi ali m'midzi ya Aphoka m'munsi mwa Nyika, cha ku Nchenachena ndi madera oyandikana nawo, komanso m'timinda tating'ono pafupi ndi Manchewe pomwepo, nthawi zambiri pansi pa nthochi ndi mitengo ya mthunzi.

Mtengo. Wapakatikati. Malo ogona monga Mushroom Farm ndi Lukwe, amene ali m'mphepete mwa phompho pafupi ndi Manchewe, ali ndi zipinda komanso pomanga tenti, ndipo kumishoni kulinso kogona kosaboola m'thumba. Pa mathithi ndi ku Stone House pamakhala kandalama kolowera. Ndalama yaikulu imapita pa kukwera phiri: matola kapena kabaza wa njinga yamoto kuchokera pa Chitimba amadula poyerekeza ndi kutalika kwa mtunda, ndipo akakuuzani mtengo musafulumire kukwiya, msewuwo umadya matayala ndi mabuleki.

Kafikidwe. Njira zilipo ziwiri ndipo n'zosiyana ngati usiku ndi usana. Yoyamba ndi msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja: makilomita pafupifupi 15, makona akuthwa pafupifupi 20, miyala ndi fumbi, konkire m'malo owerengeka. Umafuna galimoto yaitali yokoka matayala onse anayi, ndipo galimoto yaitali thupi imachita kubwerera m'mbuyo pamakona ena kuti ikhote. Yachiwiri ndi yochokera ku Njakwa pafupi ndi Rumphi, imene mbali yaikulu ndi ya tara tsopano. Galimoto yaing'ono idzere kumeneku, ndipo ubwino wake imadutsa m'dera la khofi lenilenilo. Wopanda galimoto angathe kukwera minibasi ya Mzuzu–Karonga, kutsika pa Chitimba, n'kukwera wapansi. Ndi maola atatu kapena anayi podzera m'tinjira todula makona. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, ndi madzi osachepera malita awiri, chifukwa kumunsi kunyanja kumatentha ngakhale mu Juni.

Zokonzeratu. Mafuta thirani ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Ndalama tengani zapamanja. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira, koma wothandizira wa m'mudzi sakhala ndi ndalama zambiri zoti mutape nthawi imodzi. Ngati mukufuna kuona makina osendera khofi akugwira ntchito, pemphani a pamalo ogona akulumikizeni ndi akuluakulu a kopaletivi dzulo lake, ndipo mupite masana kapena madzulo, pamene alimi akubwera ndi cheri cha tsikulo kudzapimitsa. M'mawa mumangopeza anthu akutembenuza khofi pamathandala. Moni wa "Monire" ndi "Yewo" amatsekula makomo ambiri kuposa kamera.

Zoopsa. Ngozi yaikulu ya Gorodi ili potsika, osati pokwera. Woyendetsa akamaponda buleki mosalekeza, mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, phazi n'kungolowa pansi popanda kugwira. Tsikani pa giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ndiyo igwire galimoto, ndipo mukamva fungo la chopsa imani pamalo otakasuka kwa mphindi 20, osathirapo madzi. Wotsika apatse njira wokwera. Mvula ikagwa usiku, funsani kaye a matola musanauyambe. Ku Manchewe kulibe chotchinga chodalirika m'malo ambiri ndipo miyala imaterera. Mwana agwidwe dzanja. Mukagona pa Chitimba musanakwere, neti ndi yofunika, udzudzu wa kunyanja si wa masewera.

Misuku

Ngati nkhani ndi khofi, kwawo ndi kuno. Kopaletivi ya Misuku ndiyo yaikulu pa onse a mgwirizano wa Mzuzu, ndipo minda yake ili pa zitunda zimene zina zimafika mamita 2,000, moyang'anana ndi Tanzania tsidya la mtsinje wa Songwe. Khofi wa mtundu wa Geisha, amene kunja amamulipira ndalama zambiri, wakhala akulimidwa kuno kwa zaka zambiri pamodzi ndi mitundu ina monga Catimor, amene amapirira matenda a chiwawu cha masamba. Munda wa ku Misuku suli ngati esiteti: ndi mizere yopingasa phiri, khofi pansi, nthochi pamwamba, nyemba pakati, mng'oma wa njuchi chapambali. Uchi wa kuno ndi wofunika kugula.

Pamwamba pa midzi pali nkhalango zachilengedwe za Mughese, Wilindi ndi Matipa, zobiriwira chaka chonse, zokhala ndi mitengo italiitali ndi mbalame zina zimene simungazione kwina m'Malawi muno. Anthu ake ndi Asukwa ndi Andali. Chichewa ndi Chitumbuka chimamveka, koma mawu akuti "Ndagha" pothokoza adzakusekereretsani nkhope za agogo.

Mtengo. Mukafika, moyo ndi wotchipa: chakudya ndi kogona sizidula. Chodula ndi kufikako. Kuchokera ku Lilongwe, kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 1,300. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imodzi ifuna malita oposa 130, ndipo pamapiri, pomwe mukuyenda pa giya yotsika, imamwa kuposa pamenepo. Onjezani usiku umodzi ku Mzuzu kapena ku Karonga popita ndi wina pobwera.

Kafikidwe. Mzuzu mpaka Karonga ndi makilomita pafupifupi 220, kutsika chitunda cha Chiweta. Kuchokera ku Karonga mumalowa msewu wa tara wa ku Chitipa n'kukhotera pa Kapoka. Kuyambira pamenepo ndi dothi, zitunda ndi makona. Pa mapu mtundawo umaoneka waufupi, koma muuwerenge m'maola. Matola alipo koma sayenda pa nthawi yoikika, amadikira kudzaza. Njinga zamoto ndizo zodalirika kwa munthu mmodzi wopanda katundu wambiri. Malo ogona ndi ochepa ndiponso wamba, choncho lumikizanani ndi kopaletivi kudzera ku ofesi ya ku Mzuzu musananyamuke.

Zokonzeratu. Pano m'pofunika kukonzeka zenizeni: tayala la sipeya labwino, jeke, pampu, chingwe chokokera ndi khasu. Dzazani thanki ku Karonga, ndipo nthawi imene mafuta akusowa m'dziko, ganizani kawiri musanapite. Tengani juzi yokhuthala, jekete ya mvula ngakhale m'chilimwe, nsapato zogwira pansi, ndi mankhwala anu onse. Polowa m'nkhalango pitani ndi munthu wa m'deralo, mutadziwitsa a zankhalango.

Zoopsa. Dothi lofiira la ku Misuku likanyowa limaterera ngati sopo, ndipo mvula ya kuno imachedwa kusiya, Malichi ndi Epulo ndiye pachimake. Galimoto ikafa, sipeya achokera ku Karonga kapena ku Mzuzu, ndiye kuti tsiku kapena masiku awiri apita. Chipatala chachikulu chili kuboma ku Chitipa. Chenjezo lina ndi la ulemu: musanyengerere mlimi kuti akugulitseni khofi wa pathandala mwamseri. Khofiyo anawerengedwa kale ku kopaletivi, komanso simungamumwe, akadali m'chikhungwa chake ndipo akufunika kusendedwa ndi kukazingidwa. Pothyola nawo, thyolani chofiira chokha n'kusiya kaphesi panthambi. Mukapulula nthambi yonse ngati masamba a chisoso, mwawononga maso amene akanabereka chaka chamawa.

Nyika

Pa Nyika palibe khofi. Taiikapo chifukwa minda ya Phoka ili m'nthiti mwake ndipo ambiri amafuna kuphatikiza ziwirizi. Ndi paki yaikulu kuposa onse m'Malawi, masikweya kilomita pafupifupi 3,200 kukula kwake konse, inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978. Pamwamba pake ndi udzu wokhawokha wa zitunda zogudubuzika, mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zikudya poyera, akambuku ali m'tinkhalango. Nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka imaphuka nthawi ya dzinja, ndipo ena mwa maluwawa ndi amene anthu amakumba mozemba kukapanga chinaka.

Mtengo. Ndi wokwera kuposa kwina konse. Pali ndalama yolowera ya munthu aliyense ndi ya galimoto pa tsiku, ngakhale Amalawi amalipira yotsika akaonetsa chiphaso. Ku Chelinda, msasa waukulu wa m'kati mwa paki, kuli zipinda zodula, nyumba zodziphikira ndi pomanga tenti. Banja kapena gulu limapulumukira pa nyumba yodziphikira.

Kafikidwe. Kuchokera ku Rumphi kudzera pa geti la Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu yafumbi, maola atatu kapena anayi kukakhala kouma. Minibasi yokafika ku Chelinda kulibe. Geti limatsekedwa madzulo, ndiye chokani ku Rumphi dzuwa lisanapendeke. Olimba miyendo ali ndi njira ina yokoma: ulendo wapansi wa masiku atatu kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, ndi mlonda wa paki, umene tsiku lomaliza umadutsa m'midzi ya khofi.

Zokonzeratu. Mafuta okwanira kupita, kuzungulira m'paki ndi kubwerera ku Rumphi. Musadalire kuti mukawapeza pamwamba. Chakudya chonse gulani ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Mabulangete owonjezera.

Zoopsa. Kuzizira. Mu Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku, ndipo tenti yopanda chofunda chokwanira ndi chilango. Nkhungu ikatsika zitunda zonse zimafanana, munthu n'kusochera pafupi ndi msasa. Netiweki ndi ya apo ndi apo.

Tsono ndani apite kuti

Muli ndi masiku awiri kapena atatu, galimoto yaing'ono ndi ana: gonani ku Mzuzu kapena ku Luwawa, kenako kwerani ku Livingstonia podzera ku Njakwa n'kubwerera njira yomweyo. Gorodi muisiye.

Mulibe galimoto ndipo ndalama n'zochepa: basi mpaka Mzuzu, minibasi mpaka Chitimba, miyendo kapena matola mpaka Manchewe. Palibe kwina kumene mungaone mathithi, mbiri ndi munda wa khofi pa ndalama yochepa chonchi.

Ndinu mlimi, wophunzira zaulimi, wogulitsa khofi kapena munthu amene kapu ya m'mawa ndi nkhani yaikulu: Misuku, pakati pa Juni ndi Ogasiti, masiku osachepera asanu kuwerengera ndi a pamsewu, mutapangana ndi kopaletivi. Okonda mbalame nawonso apite komweko.

Gulu la mpingo kapena la sukulu: Livingstonia, koma kosita yodzaza anthu isayerekeze kukwera kapena kutsika Gorodi.

Mukufuna nyama ndi bata, ndipo muli ndi galimoto yamphamvu: Nyika masiku awiri, n'kutsikira ku Phoka pobwerera. Seputembala ndi Okutobala msewu ndi wouma ndipo chisanu chachepa; amene akufuna maluwa apite Januwale kapena Febuluwale, atavomereza matope.

Tchuthi chanu chagwera pakati pa Disembala ndi Epulo: khalani pafupi ndi tara, Mzuzu, Viphya ndi Livingstonia ya ku Njakwa. Misuku idikire.

Muli ku Lilongwe ndipo muli ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha: kumpoto n'kutali. Alimi a khofi a kum'mawa kwa Ntchisi ali mumgwirizano womwewo wa Mzuzu, ndipo nkhalango ya paphiri la Ntchisi, yokhala ndi nyumba yogona alendo imene inamangidwa mu 1914 ngati ya bwanamkubwa wa boma, ili pa mtunda wa maola awiri kapena atatu kuchokera mumzinda.